Aftaba: luso lake lili pa mlomo

Ku India ndi ku Pakistan kuli jagi yachitsulo yotchedwa aftaba, dzina lochokera ku Persia. Ndi yamimba yaikulu, khosi lalitali, chogwirira chopindika ndi mlomo wowonda. Siyenda yokha ayi, mnzake ndi beseni lotchedwa chilamchi. Ntchito yake ife tikuidziwa bwino nsima ikafika pamphasa: wina amathira madzi, mlendo n'kusamba m'manja.

Aftaba zomwe zimandigwira mtima ndi za ku Bidar, mzinda wa m'chigawo cha Karnataka womwe unali likulu la mafumu a Bahmani m'zaka za m'ma 1400. Luso la kumeneko amalitcha bidri. Mmisiri amasungunula zinki wambiri ndi mkuwa pang'ono n'kuthira m'chikombole. Chitsulo chikazizira amachizokota mizere ya maluwa ndi chizulo, kenako amakhomerera siliva m'mizere ija, pena ngati kawaya, pena ngati timapepala. Pamenepo jagi imakhala yotuwa, yosapatsa chidwi. Ndiye amatenga dothi la mu linga lakale la Bidar, kulisakaniza ndi ammonium chloride ndi madzi, n'kupaka jagi yonse. Zinki amada bii, siliva osasintha. Akapukuta ndi mafuta, maluwa aja amawala ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi.

Ambiri amathera pomwepa, kuyamikira maluwa. Ine ndikuti sanafike pomwe pagona luso. Jagi yodzaza madzi imalemera, ndipo wothira amaigwira ndi dzanja limodzi ataweramira mlendo. Chogwirira chikakhala pamalo olakwika, mkono umanjenjemera. Mlomo ukakula, madzi amakhavukira pa zovala za mlendo. Ukapindika molakwika, amadontha m'mbali. Mmisiri weniweni amayambira mlomo mmunsi mwa mimba, n'kuukweza mopindika ngati khosi la tsekwe, kuti madzi atuluke ochepa, osadukiza, ndipo aleke pomwe wothira wadzutsa dzanja. Khosi lopapatiza nalonso limaletsa madzi kusefukira pamwamba jagi ikapendekeka.

Beseni lija lili ndi nzeru yakeyake. Pakati pake pamakhala chivundikiro chobowolabowola, kaŵirikaŵiri mibowoyo ili m'maonekedwe a masamba. Madzi akuda amalowa pansi n'kubisika, moti mlendo wachiŵiri saona zomwe woyamba wasamba. Apa kukongoletsa ndi ulemu zakhala chinthu chimodzi.

Ku Kashmir mwambowu ukadalipo. Pa phwando la wazwan, anthu anayi asanayambe kudyera m'mbale imodzi yotchedwa trami, mnyamata amazungulira ndi jagi ndi beseni zamkuwa, zomwe kumeneko amati tash-t-nari.

Chomwe chimandiŵaŵa ndi aftaba zopangidwira pashelefu. Siliva amadzaza paliponse mpaka mdima uja kusowa popumira, chikhalirecho kukongola kwa bidri kumadalira malo akuda osiyidwa dala. Zakale za m'ma 1600 ndi 1700, monga zosungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London ndi ku Salar Jung Museum ku Hyderabad, zimaonetsa kuti amisiri ake ankadziŵa polekera. Zina za lero n'zolemera mopitirira, mlomo wake ndi wongonamizira, ndipo sizinalawepo madzi chipangidwire.

Inu amene mudzafune kugula aftaba, pemphani kaye madzi, muthire pa dzanja la mnzanu. Za mtengo mukambe pambuyo.