Yin ndi Yang pa Sikelo ya Tauhidi

M'chaka cha 1992, Sachiko Murata adatulutsa buku lotchedwa The Tao of Islam, momwe adasanthula maphunziro a Chisilamu pogwiritsa ntchito nzeru ya ku China ya yin ndi yang. Ntchitoyi ndi yakuya, ndipo ikuyenera kuyankhidwa mwachilungamo.

Pachiyambi, yin inali mbali ya phiri yokhala mumthunzi, yang mbali yowombedwa ndi dzuwa. Phiri ndi limodzi, ndipo mbali ina singakhalepo popanda inzake. Yin si choipa ayi. Pamenepa Atchaina akusiyana ndi Amajusi, omwe adaphunzitsa za mphamvu ziwiri zolimbana, yabwino ndi yoipa.

Murata akufanizira mayina a Allah osonyeza ukulu, a Jalal, ndi yang, ndipo osonyeza chifundo, a Jamal, ndi yin. Ife tikuvomereza kuti chilengedwe chili m'mawiriawiri. Surat Adh-Dhariyat, ayah 49, ikutsimikiza zimenezi. Koma uwiri umenewu ndi chizindikiro cha cholengedwa, pakuti chilichonse chokhala ndi chinzake n'chosowa. Yin ikamakula yang imachepa, pomwe mbiri za Allah sizikula kapena kuchepa: chifundo Chake sichichotsa kanthu pa ukulu Wake. Fanizoli likhoza kuthandiza wophunzira, koma likakhudza Mlengi Mwiniwake lafika polekezera.

Ma Ulama a ku China adawadziwa malire amenewa. Wang Daiyu, yemwe buku lake Zhengjiao Zhenquan lidatuluka mu 1642, adalemba m'mawu a otsatira Confucius, komabe adaika Mmodzi Weniweni pamwamba pa Taiji, gwero la yin ndi yang.

Nkhawa yathu yachiwiri ili pa fiqh. Dong Zhongshu, katswiri wa nthawi ya ufumu wa Han, adati mfumu ndi mwamuna ndi yang, nduna ndi mkazi ndi yin, ndipo adakweza yang pamwamba. Fanizo la phiri lidasanduka lamulo la pabanja. Kwa ife lamulo limachokera mu Qur'an, Sunnah, Ijma ndi Qiyas. Mahari a mkazi ndi chuma chake n'zake chifukwa cha umboni wa Shariya, zomwe fanizo lililonse silingawonjezere kapena kuchotsa. Chimodzimodzinso halali ndi haramu sizikwaniritsana. Chimodzi timachitsata, china timachisiya.

Choncho ophunzira omwe adakhazikika kale pa aqida aliwerenge bukuli, atengemo luso losinkhasinkha za zolengedwa, koma asatengemo fatwa. Allah ndiye Wodziwa koposa.