Piyano yopanda nsambo ku Huruyadzo

Pa Huruyadzo, m'dera la St Mary's ku Chitungwiza, kulira kwa piyano sikusowa. Kumamveka m'masipika a pakhomo pa mashopu, m'makombi opita ku Harare, m'mafoni a anyamata ometa tsitsi, ndipo Lamulungu kumatulukira m'mawindo a matchalitchi. Koma piyano yeniyeni, yathabwa ndi chitsulo, ija amuna anayi amaibuulira poinyamula, n'njosowa m'masitudiyo a kukomboni. Yomwe timamva m'nyimbo zambiri zojambulidwa kuno imakhala mu laputopu, ndipo kawirikawiri woiimbayo amagwira mausi m'malo mogwira makiyi.

Piyano ili ndi makiyi 88 ndi nsambo zoposa 200. Ukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambo. Ukadina monyengerera, mawu amatuluka ofewa, obulungira. Ukamenya mwamphamvu, samangokwera ayi, amasinthanso khalidwe, amathwa, amalira zitsulo. Opanga piyano ya pakompyuta amaika maikolofoni pa piyano yeniyeni n'kujambula kiyi imodziimodzi kangapo, kuyambira kukhudza chabe mpaka kumenya kolimba. Salamander Grand, yomwe Alexander Holm anaijambula pa Yamaha C5 n'kuipereka ulere, ili ndi magawo 16 a mphamvu, ndipo anajambula kiyi imodzi pa makiyi atatu alionse. Awiri enawo kompyuta imawapeza pokweza kapena kutsitsa mawu a kiyi yoyandikana nayo. Uthenga wochoka pa kiyibodi kupita ku pulogalamu umadutsa mu MIDI, njira yomwe makampani anagwirizana mu 1983, ndipo mphamvu ya chala, velocity, imayezedwa mpaka pa 127. Nambala imeneyo ndiyo imasankha kuti pa zojambula 16 zija chilire chiti.

Apa m'pamene nyimbo zambiri zimagwera. Mnyamata amatsegula pulogalamu ya FL Studio, amajambula makodi ndi mausi, timizere tonse tam'munsi tosonyeza mphamvu tili msinkhu umodzi ngati asilikali pa perete. Ndiye kuti pa zojambula zonse zomwe munthu anavutika nazo pa Yamaha ija, chikulira n'chimodzi chokha, chomwecho kuyambira poyambira nyimbo mpaka pomaliza. Khutu silichedwa kuzindikira. Anthu amati "piyanoyi ikumveka ya pulasitiki", mnyamata uja n'kuganiza kuti vuto ndi pulogalamu, n'kuyamba kusakasaka ina yaikulu kwa anzake. Akaipeza amaijambulanso chimodzimodzi, pulasitiki ija n'kubwerera, kungoti tsopano ikudya malo ambiri.

Munthu woimba ndi manja sadina zala zonse mofanana. Pa kodi ya manoti anayi, chala chaching'ono cha kumanja, chomwe chanyamula nyimbo, chimalemera kuposa zinzake. Zala zapakati zimangothandizira. Ndipo sizifika pa makiyi nthawi imodzi ndendende, china chimatsogola pang'ono kwambiri. Wojambula ndi mausi angathe kuchita zonsezi ngati ali ndi mtima wodekha: kukweza noti yapamwamba, kutsitsa zapakati, kusuntha imodzi kaufupi. Ndi ntchito yotopetsa, ya mphindi makumi angapo pa vesi imodzi. Batani losokoneza manoti mwachisawawa kuti amveke ngati a munthu ine sindilikhulupirira, chifukwa munthu sachedwa kapena kufulumira mwangozi. Woimba kiyibodi m'kwaya amatsalira dala pamene wotsogolera akukoka mpweya, amathamangira kutsogolo pamene mpingo wayamba kuwomba m'manja. Batani silidziwa pomwe woimba akupumira.

Chopondera nacho n'chimodzimodzi. Pa piyano yeniyeni, ukaponda chakumanja, tonse totsekereza nsambo timanyamuka, ndipo ngakhale nsambo zomwe sunazimenye zimayamba kung'ung'udza pomvera zinzake. Ndiko kumapatsa piyano thupi. Mapulogalamu abwino amayesa kutsanzira zimenezi, ena amasunganso kaphokoso ka kiyi ikamabwerera m'malo. Koma situdiyo yakukomboni nthawi zambiri ilibe chopondera n'komwe, motero polodyusa amangotalikitsa manoti mpaka kodi ina ilowerere mu inzake, kapena amatsanulira reverb yambiri kuti abise mipata. Zotsatira zake ndi chiphwirikiti cha mawu chomwe chimaphimba woimba. Kachopondera ka waya umodzi kolumikiza ku kiyibodi n'kotchipa kuposa maikolofoni, ndipo kamasintha nyimbo ya uthenga wabwino kuposa pulogalamu iliyonse yatsopano.

Pali nkhani ina yomwe ndi ya Chitungwiza mwapadera. Tawuni ino ndi mudzi wa sungura. Nicholas Zakaria ndi Khiama Boys, komanso Alick Macheso yemwe anadutsa m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, anakhazikika kuno, ndipo onse awiri mizu yawo ili ku Malawi, m'nyimbo zawo Chichewa chimamveka. Mu sungura besi siikhala kumbuyo kusunga nthawi chabe; imayenda, imayankhula, pena imalanda malo a gitala yotsogolera, monga aliyense amene anaonapo Macheso pa siteji akudziwa. Khutu la munthu wokulira ku St Mary's kapena ku Zengeza linazolowera besi yotere, ndipo amaifuna ngakhale m'nyimbo ya kwaya kapena ya Zimdancehall. Tsono piyano yaikulu imatsika kuposa besi: kiyi yake yotsiriza kumanzere imalira pa 27.5 Hz, pamene nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi ili pa 41 Hz. Ukasiya dzanja lamanzere likugunda manoti awiriawiri pansipo, monga amaphunzitsira a pa YouTube oimba piyano payokha, besi ndi piyano zimalimbirana malo amodzi ndipo zonse zimamira. Mapolodyusa omwe ndimawagomera amachotseratu dzanja lamanzere, kapena kulikweza pafupi ndi pakati pa kiyibodi, n'kudula mawu apansi a piyano kuti besi ipume. Ukaimvera payokha piyano yotereyo imamveka yowonda, yosapatsa chidwi. Ukaibwezera m'nyimbo imakhala pamalo pake.

Ena amapitirira apo. Amasiya kuiona piyano ngati choimbira cha makodi n'kuyamba kuiimba monga gitala ya rhythm ya sungura kapena marimba: timanoti tifupitifupi, tobwerezabwereza, togwa m'mipata yomwe ng'oma ndi besi zasiya. Imeneyi ndiyo njira yomwe ndikuona kuti ili ndi tsogolo kuno, chifukwa imachokera m'mene nyimbo za kuno zimalukidwira, chida china kulowa pomwe chinzake chatulukira. Ndipo pa kaimbidwe kotere piyano yaikulu ya muholo siithandiza kwenikweni.

Ndikudziwa kuti ena sagwirizana nazo, koma piyano yotchipa ndimaiikira kumbuyo. Kiyibodi ya Korg M1 inatuluka mu 1988 ili ndi 4 MB yokha yosungira mawu a zoimbira zake zonse. Piyano yake n'njouma, yakuthwa, siikhalitsa. Woimba wa ku konsati angaiseke. Komabe ndiyo inanyamula nyimbo zambiri za house za m'ma 1990, ndipo Korg inadzaitulutsanso ngati pulogalamu chifukwa anthu sanasiye kuifuna. Yerekezani ndi Keyscape ya Spectrasonics ya mu 2016, yomwe imafuna malo oposa 70 GB. Keyscape n'njokoma, palibe wotsutsa. Koma funso n'lakuti nyimboyo ikamvedwera kuti. Kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi. M'kombi injini ikulira ndipo kondakitala akuitanira anthu. Pa shopu sipika ndi imodzi, motero kutambasuka konse kwa kumanzere ndi kumanja kumafinyidwa kukhala kumodzi, ndipo mapiyano ena ojambulidwa ndi maikolofoni otalikirana amaphwa akafinyidwa choncho. M'malo amenewa piyano yowala ngati ya M1, ngakhale FL Keys yobwera kale ndi pulogalamu, imaboola phokoso n'kufika. Achinyamata a ku Gauteng anatisonyeza kale ndi amapiano kuti mawu obwera ndi FL Studio, akagwa m'manja odziwa, angazungulire dziko lonse.

Palinso kusagwirizana kwa zipinda. Piyano zamtengo wapatali zimabwera ndi mpweya wa chipinda chomwe anazijambuliramo, chachikulu, chadenga lalitali, ku Ulaya kapena ku America. Woimba wathu wajambulidwa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, matiresi atatsamira khoma, mathireyi a mazira ali kudenga. Ukaziphatikiza osasamala, womvera amamva anthu awiri ali m'nyumba zosiyana. Mapulogalamu ambiri amalola kutseka maikolofoni akutali n'kusiya apafupi okha. Ukatero n'kupatsa woimba ndi piyano reverb imodzi yochepa, amakhala ngati ali pamodzi.

Za mbira ndingonena mwachidule. Piyano imachunidwa mogawa octave m'magawo 12 ofanana, A wapakati ali pa 440 Hz, pamene mbira yachikhalidwe imachunidwa ndi khutu la woipanga. Ambiri amakakamiza mbira kuti itsatire piyano. Pianoteq, ya kampani ya Modartt ya ku France, yomwe siisunga zojambula koma imawerengetsera mawu pomwepo, imalola kusintha kachunidwe ka kiyi iliyonse, ndipo ndikanakonda kumva polodyusa wa kuno akuigonjetsa piyano kuti itsatire mbira.

Kuzimazima kwa magetsi a ZESA nako kumasankhira anthu piyano. Laputopu yakale ya 4 GB ya RAM, ikuyendera batire, siingathe kunyamula piyano yaikulu pamodzi ndi ng'oma, besi ndi mawu a kwaya. Imayamba kutsatsamwa, mawu n'kumadukaduka, ndipo pakati pa kudina kiyi ndi kumva kulira pamakhala kampata kosokoneza woimba. Odziwa ntchito amajambula kaimbidwe ndi piyano yopepuka kuti chala ndi khutu ziyendere limodzi, kenako amasinthira MIDI yomweyo ku piyano yomwe akufuna, amakonzanso velocity chifukwa piyano iliyonse imagawa magawo ake mosiyana, n'kuisandutsa fayilo ya mawu magetsi asanapite. Kenako amaitumiza pa WhatsApp ku foni yawo yomwe, amatuluka panja pomwe pali phokoso la msika, n'kumvera ngati noti yapamwamba ya kodi iliyonse ikumveka.