Amisiri Osamala Mipata

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'anitsitsa pamene tonsefe timati palibe kanthu. Ndikunena amisiri osandutsa zolemba za XML kukhala buku kapena tsamba la pa intaneti pogwiritsa ntchito XSLT.

Kwa kompyuta, mpata nawonso ndi chilembo. Wina umabwera ndi batani lalitali lija, wina ndi tab, wina ndi kudumphira mzere wapansi. Yambiri inaikidwa kuti fayilo ingooneka bwino m'maso mwa woilemba, ndipo xsl:strip-space imaichotsa kamodzin'kamodzi. Luso lagona pa kudziwa mpata wofunika kuusiya. Mawu olembedwa mokuda akatsatana ndi mawu opendekera, kampata kamodzi kokha ndiko kamawalekanitsa. Ukakachotsa amamatana, wowerenga n'kupunthwa pakati pa chiganizo. Ndakatulo nayo imapumira m'mipata yake, choncho mmisiri amaikapo xml:space="preserve" kuti pasakhudzidwe.

Ndimawasirira akayatsa timadontho ndi timivi totuwa toonetsa mipata yobisika, nkhope pafupi ndi sikirini, phee, ngati mayi wosankha timiyala mumpunga. Amayesa ndi normalize-space(): ikabwerera chimanjamanja, ndiye kuti munali mipata yokhayokha. Koma sakhulupirira msanga, poti mpata wosaduka wa nambala 160 umazemba muyeso umenewu, umafuna kuusaka pawokha. Kuleza mtima kotereku n'kosowa.

Pakanapanda iwo, madikishonale ndi mabuku a malamulo bwenzi akutuluka ndi mawu omatana apa, ndime zopanda kanthu apo, ndipo wosaka mawu pa foni bwenzi akuuzidwa kuti mulibe, chikhalirecho alimo.