Buku lophunzitsa za kompyuta losafuna magetsi

Mabuku ambiri ophunzitsa kulemba mapulogalamu amayamba ndi zinthu zomwe mphunzitsi wa ku Chifunde sangazikwanitse: kuyatsa kompyuta, kulowa pa intaneti, kuikamo Python. Ngakhale buku labwino la Al Sweigart, Automate the Boring Stuff with Python, limayambira pomwepo. Kuonjezera apo, mawu a Python monga if ndi while ndi a Chingelezi. Mwana wathu amaganiza m'Chinyanja, Chipwitikizi akadalimbana nacho, ndiye timusenzetsenso chilankhulo chachitatu?

Buku la Computer Science Unplugged, lolembedwa ndi Tim Bell, Ian Witten ndi Mike Fellows, lidatenga njira ina. Limaphunzitsa maganizo omwe ali pansi pa mapulogalamu onse kudzera m'masewera, popanda makina. Likupezeka mwaulere pa intaneti, ndipo lidamasuliridwa m'Chipwitikizi ku Brazil.

Phunziro loyamba ndi lomwe likuonetsa mphamvu yake. Ana asanu amanyamula makadi okhala ndi madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Kuti apange 13, amaonetsa 8, 4 ndi 1, ena awiriwo n'kutembenuza makadi awo. Khadi loonekera ndi 1, lobisika ndi 0, choncho 13 amalembedwa 01101. Umu ndi momwe kompyuta imasungira manambala, ndipo zonsezi zikhoza kufotokozedwa m'Chinyanja pansi pa mtengo. Palinso phunziro la mudzi wamatope, pomwe ana amasankha misewu yoti ikonzedwe kuti nyumba zonse zilumikizane pa mtengo wotsika. Aliyense amene adayendapo msewu wa ku Mualadzi nthawi ya dzinja safunika kumuuza kufunika kwa funso limeneli.

Koma bukuli lili ndi zofooka zake. Kusaka nambala likuphunzitsa ndi sewero la sitima zankhondo za panyanja, ndipo kwina likubweretsa zilumba ndi achifwamba a m'nyanja. Mwana wa kuno ataya mphindi zambiri pofunsa kuti zimenezi n'chiyani, phunziro lenileni lisanayambe. Maphunziro angapo akufunanso mapepala a fotokope kwa mwana aliyense. Chipwitikizi chake ndi cha ku Brazil, ndipo HTML kapena kapangidwe ka mawebusaiti mulibemo. Wofuna zimenezo adzafunabe kompyuta.

Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyeserera ya PEBIMO idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, pa mfundo yakuti mwana ayambe wamvetsa m'chilankhulo chake, mawu achilendo abwere pambuyo. Bukuli likugwirizana ndi mfundo imeneyo, ngakhale silidalembedwere ife.

Choncho, aphunzitsi, musaliwerengere ana momwe lilili. Sankhani maphunziro atatu kapena anayi, dulani makadi pa makatoni, m'malo mwa sitima zankhondo ikani maenje a nsolo, ndipo malangizo mupereke m'Chinyanja. Mawu omwe ana akapange okha potchula khadi loonekera ndi lobisika mutitumizire, kuti tiyambe kusonkhanitsa mawu a phunziroli.