Luso la nthano yothera pa funso

Mwera wakuntha, bwato lagubuduka. Msodzi ali m'madzi ndi amayi ake, mkazi wake ndi apongozi ake, koma mphamvu zake zikukwanira munthu mmodzi. Apulumutse yani? Wokamba nthano amalekera pomwepo.

Nthano zotere zilipo zambiri mu Africa, ndipo William Bascom adazisonkhanitsa m'buku la African Dilemma Tales mu 1975. Kwa anthu a ku Nkhunga, kufupi ndi Dwangwa, amene amaudziwa mwera wa mu Juni ndi Julayi, funsoli si nthabwala.

Luso lagona pa kutseka pothawira. Womvera wochenjera amafunsa ngati panalibe bwato lina pafupi, koma katswiri amakhala ataliika kale gombe kutali, nkhafi itapita ndi mafunde. Kenaka amalemeretsa mbali zonse mofanana: akati mkaziyo ndi woyembekezera, amaonjeza kuti bwatolo adagula ndi amayi atagulitsa mpunga. Wosadziwa amasandutsa apongozi mfiti, mkangano nkuthera pomwepo, ana nkuyamba kusinza.

Katswiri wa filosofi Philippa Foot nayenso adapeka nthano yake yotere mu 1967: woyendetsa sitima ya mumzinda asankhe kuponda anthu asanu kapena mmodzi. Otsatira John Stuart Mill amawerenga miyoyo, a Immanuel Kant amafunsa za udindo. Komatu anthu a Foot alibe mayina, alibe chibale. Nthano ya bwato imaposa pamenepa, chifukwa msodziyo ayenera kubwerera kumudzi, mwina kuchikamwini, akayang'anane ndi amalume a womirayo.

Ziphunzitso za anzeruwa sizitchula wopulumutsidwa. Zimathandiza kugwira munthu pa mawu ake. Wosankha mkazi poti "ndi miyoyo iwiri" afunsidwe: woyembekezerayo akadakhala mlendo, akadawasiyabe amayi ake? Akadodoma, zaoneka kuti samawerenga miyoyo ayi, ndi chikondi chabe.

Magulu a zisudzo zachitukuko ndiwo amataya lusoli kawirikawiri. Nkhani amakhala nayo yabwino: wa komiti ya pagombe wapeza mwana wa mlongo wake akukoka khoka mu Novembala nyanja itatsekedwa, kunyumba kulibe ufa. Amulande khokalo kapena atsinzine? Apa mpamene anthu akadatsutsana mpaka kuda. M'malo mwake pamatulukira wosewera atavala ngati mlangizi wa zausodzi, nalalikira mphindi khumi, oonera nkuomba m'manja osafunsidwa kanthu.