Mawira, Mphika Wosasonkhezera

Mbalule lankhula, mpanje vomera! Ife a ku Kawale ndi Biwi, a ku Chinsapo ndi Mgona, tabwera kudzaomba m'manja kwa a Mawira a ku Nkhotakota. Wawa!

Ndinu Chiwira-popanda-nkhuni, Mphika-wosasonkhezera, Gogo wosadziwa mtengo wa makala. Kwathu mu Juni timadzuka chisanu chikuluma zala, kukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, ketulo imodzi ana anayi, wotsiriza asamba ozizira akulira. Inu mbandakucha nthunzi ili tolotolo, osapempha moto kwa aneba. Wawa!

Ndinu Mpopi-wopanda-mita, Kasupe-wosatseka-pa-Sabata. Ife timandandalika ndowa pa kiyosiki tambala asanalire, kukangana kuti anayamba kufika ndani. Kwa inu mayi amavuula chitenje thovu lili phuu, sopo wosavuta, mafuta a pa kolala atasungunuka okha. Wawa!

Ndinu Mwana-wa-chigwa-chong'ambika. Mvula imagwa kumapiri, imalowa m'ming'alu, imatsikira kumiyala yotentha pansi penipeni, nkubwerera ikubwadamuka. Mng'alu umene unabala nyanja ya Malawi ndi womwewo unabala inu. Abale anu ali ku Chiweta ku Rumphi, a ukali wopitirira madigiri 70. Ali ku Ngara ku Karonga. Ali ku Liwonde m'mbali mwa Shire. Mtundu wosazizira! Wawa!

Ndinu Mboni-ya-kale. Munaona zombo za Jumbe zikuwolotsa minyanga ndi akapolo. Munkawira pamene David Livingstone anakhala pansi pa mkuyu mu 1863. Ufumu wa Jumbe unatha, zombo zinawola, moto wanu sunazime. Wawa!

Takwera minibasi ku depoti, mwendo pa thumba la mwini, kutsika zitunda za Mvera, kukhotera msewu wa M5, kudutsa Benga, kudutsa mlatho wa Chia anyamata akutukula chambo m'mwamba: bwana, cha lero ichi! Fumbi lonse la Area 23 ndi Area 25 tabwera nalo, tichotseni. Wawa!

Ndinu Mfumu-yosagwidwa-pamutu. Pamene mukutumphukira saponda, wamwano amabwerako akudumpha ndi mwendo umodzi. Wanzeru amatsikira kumunsi kumene mwapsa mtima pang'ono, kuyesa ndi chala, kulowetsa phazi, kenako msana wonse, mpaka mafupa a wakabaza atamasuka. Akatero amathamangira kunyanja, mwera ukumuwomba, nadziponya m'mafunde, thupi lili tsemwe, kondowole ndi usipa zikumudikira. Wawa!

Ndinu Chosanyamulika. Wadyera amatunga chigubu kuti akasambe ku Mgona, koma asanafike pa Benga madzi azizira kale. Mfumu saitengera kunyumba, ofuna mfumu amapita okha kubwalo. Choncho sonkhani ya thiransipoti, amayi a m'chipereganyu, uzani kondakitala asunge mipando yakumbuyo. Gunda gunda, mbalule tsekera! Wawa, a Mawira, wawa!