Simoni pamwamba pa bedi

Pa tsamba lino timazolowera kukambirana mabuku ndi ndakatulo, koma lero ndikufuna tiwerenge chipinda. Musaseke. Chipinda cha hotela, makamaka mahotela aja amawatcha boutique, chimakhala ndi mlembi wake. Pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha mtundu wa makatani, malo oyika nyale, ndi chinthu chopachika pakhoma, ndipo posankhapo anali ndi wowerenga wake m'mutu. Ngati wandakatulo timamufunsa chifukwa chomwe wasankhira mawu awa osati awo, wokongoletsa chipinda nayenso tingamufunse.

Dzina loti boutique linatchuka mu 1984, pamene Ian Schrager ndi Steve Rubell, omwe kale anali eni a malo ovinira a Studio 54, anatsegula hotela ya Morgans ku New York. Dandaulo lawo linali loti mahotela akuluakulu amafanana paliponse, munthu ukadzuka sudziwa ngati uli ku Nairobi kapena ku Chicago. Iwo anafuna hotela yaing'ono yokhala ndi khalidwe lakelake, yoti mlendo azimva kuti wafika penapake. Ndiye kuti hotela yotere imalonjeza yokha kuti ikuuza nkhani ya malo omwe ili. Lonjezo limenelo ndi lomwe likundipatsa mphamvu yoiweruza ngati buku.

Kuno kwathu mahotela akale ngati Ryalls ndi Mount Soche ku Blantyre, kapena Capital Hotel ku Lilongwe, ndi a mtundu wina. Za mtundu watsopanowu ambiri timazidziwira pa Latitude 13 ku Area 43, yomwe ili ndi abale ake, Latitude 15 ku Lusaka ndi Latitude 0 ku Kampala. Mayinawo amachokera pa mizere ya pamapu, ndipo mukayang'ana bwino nafe a ku Kachebere tili pa 13 yemweyo, tingoti mwina suite yathu ili m'njira. Ife a ku Mchinji malo ogona a anthu olemera tinayamba kuwamva mu 2006, Madonna atabwera kudzatenga mwana ku Home of Hope, wailesi n'kumati akugona ku Kumbali. Ndinali ku pulayimale, ndipo ndinkaganiza kuti Kumbali ndi dziko lina.

Hotela yomwe ndinagona ine si imodzi mwa zomwe ndatchulazi, ndipo dzina lake sindinena. Bungwe lina linatiitanira ku wekishopu ku Lilongwe, zipinda wamba zinadzaza, ndiye ine wobwera mochedwa ndi minibasi ya pa M12 ndinapatsidwa suite masiku awiri. Ndalama sizinali zanga. Mtengo wake unalembedwa m'madola kuseri kwa chitseko, ndipo nditausintha m'mutu kupita ku kwacha ndinayamba kuwerenga matumba a mtedza.

Zabwino ziyamikidwe. Mlembi wa chipinda chija amadziwa ntchito yake. Pali pabalaza, kenako chipinda chogona, kenako bafa lalikulu kuposa chipinda chomwe tinkagona anayi ku koleji, ndipo ukamayenda kuchoka uku kupita uko kuwala kumacheperachepera mpaka thupi lokha limadziwa kuti nthawi yogona yakwana. Nyale sizithobwa m'maso. Magetsi atazima usiku ndinangomva kakuphethira kamodzi, jenereta n'kulandira, osamva ngakhale kulira kwake. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi bata. Ku Lilongwe bata ndi lodula kuposa nyama. Palibe wailesi ya oyandikana nawo, palibe mlaliki wa m'mamawa, palibe galu. Ndinagona ngati mwana, ndipo aliyense wonena kuti zinthu zoterezi n'zachabechabe akunama kapena sanazilawe.

Vuto langa linayamba nditadzuka n'kuyamba kuyang'ana makoma.

Pakona panali mtondo, mtondo weniweni wa mtengo, wopakidwa vanishi, ndipo m'kamwa mwake anaikamo maluwa ouma. Pakhoma la pabalaza panali malichero asanu, oyera mbee, oti sanaonepo gaga chibadwire. Pamwamba pa chitseko cha kubafa panali nkhafi, ngakhale kuti nyanja ili kutali ku Salima. Chilichonse m'chipindamo chinali chida cha ntchito chomwe chalandidwa ntchito yake. Lichero lopanda wopeta, nkhafi yopanda bwato.

Za mtondo ndiye zinandipweteka mwapadera, chifukwa kwa ife okonda zolembalemba mtondo si chida wamba. Nyimbo za pamtondo ndi mtundu wa ndakatulo. Pamtondo m'pamene amayi ankanenera zomwe sakananena pabwalo: za mwamuna womwa, za apongozi ovuta, za mkazi mnzawo. Ankayimba mokweza dala kuti mwini nkhani amve ali pakhonde, ndipo sakanayankha chifukwa ndi nyimbo chabe. Mtondo ndi chinthu chaphokoso, cholongolola. Kuutenga n'kuutseka pakamwa ndi maluwa, m'chipinda chomwe chikugulitsa bata, kaya mlembiyo anadziwa kapena ayi, koma ananena zambiri. Binyavanga Wainaina wa ku Kenya analemba nkhani yonyogodola mu magazini ya Granta mu 2005 yotchedwa How to Write About Africa, yoseka alembi amene amasonkhanitsa zizindikiro za Africa popanda anthu ake oganiza ndi olankhula. Chipinda chija chinali ngati wophunzira amene anawerenga nkhaniyo osazindikira kuti ndi nthabwala, n'kutsatira malangizo onse.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chomwe chinali pamwamba pa bedi.

Inali nkhope yofiira, yosemedwa, ya mphuno yosongoka, ndi tsitsi la khonje. Eni gule mundikhululukire, ine ndine wosavinidwa, ndinakulira pafupi ndi seminale m'banja la Chikatolika, ndiye ndinena zokhazo zomwe aliyense woonera pabwalo amaona. Aliyense amene anathamangitsidwapo ndi gule ali mwana angamudziwe ameneyu. Ndi Simoni.

Simoni ndi chilombo chomwe chimaseka mzungu. Kufiira kwake ndi kwa khungu lopsa ndi dzuwa, amavala suti ya nsanza, ndipo kavinidwe kake ndi ka mlendo wodzimva amene sadziwa mwambo wa pamalo. Iye ndi Maliya anatuluka m'nthawi ya mkangano wa nyau ndi amishoni. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902 ndi kuno ku Kachebere mu 1903, seminale yaikulu n'kutsegulidwa mu 1939. Mkangano unafika povuta m'zaka za m'ma 1920, makamaka cha ku Mua, polimbirana ana: apite kusukulu ya mishoni kapena kudambwe? Ian Linden analemba za izi m'buku lake la 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland. Anthu opanda nyuzipepala, opanda mpando ku boma, anayankha ndi zomwe anali nazo. Anatenga mayina a m'tchalitchi n'kuwavinitsa pabwalo. Simoni ndi ndemanga, ngati yomwe ndikulemba inoyi, kungoti yake ndi yakuthwa kuposa yanga.

Ndiye taganizani. Munthu wina anafunafuna chinthu chosonyeza "chikhalidwe cha Amalawi" choti chisangalatse mlendo wochokera kunja wolipira madola, ndipo mwa zilombo zonse, Chadzunda alipo, Kapoli alipo, anasankha chomwe ntchito yake ndi kuseka mlendo yemweyo. N'kuchipachika pamwamba pa mutu wake kuti chizimuyang'ana akugona. Ndinaseka ndekha m'chipindamo mpaka misozi. Akanakhala kuti anachita dala, ndikanati uyu ndi katswiri, mlembi woposa tonsefe. Koma kabuku ka patebulo kanangoti ndi "traditional tribal mask", basi. Palibe dzina, palibe dera, palibe wosema. Mlembi wagwiritsa ntchito mawu omwe sakudziwa tanthauzo lake, ndipo mawuwo amutembenukira.

Kuseka kunatha m'mawa mwake. Kunabwera mayi wina wachikulire kudzakonza m'chipinda. Anayamba ndi Chingerezi monga anawaphunzitsira, ine n'kuwayankha kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Nkhope yawo inamasuka. Ndinawaona akupukuta paliponse, mtondo, malichero, galasi, koma pamwamba pa bedi sanayandikirepo, ndipo poyala nsalu maso anali pansi.

"Apo simupukuta, mayi?"

"Iyayi bambo, icho sindikhudza ine. Amabwera mnyamata wina."

Sindinafunse zambiri, iwonso sanawonjeze. Mwina ndi a mpingo woletsa zimenezi, mwina anakulira kumudzi komwe mkazi sayandikira zinthu zotere. Njira zonse ziwiri zikunena chimodzimodzi: kwa iwo chinthu chija chinali chamoyo. M'nyumba yonse ija, munthu mmodzi amene ankatha kuwerenga khomalo molondola ndi yemwe sanafunsidwepo, ndipo amalowamo tsiku ndi tsiku atawerama.

Ndikudziwa zomwe ena mundiyankhe, chifukwa mnzanga wina wandiyankha kale pa WhatsApp. Akuti nkhope ngati imeneyo siinavinepo, ndi ya malonda, yosemedwa ndi anyamata ngati aja ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, ndipo anyamatawo akufuna kudya. Akuti gule yemweyo anatuluka kale kudambwe: ankavina pamisonkhano ya Kamuzu, amavina pamisonkhano ya zipani mpaka lero, UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti timawoloka pa Mwami kupita ku Kulamba ku Mkaika komwe mafoni amajambula mmene angathere. Zonsezi n'zoona, ndipo ine sindili m'gulu lofuna kuti chikhalidwe chitsekeredwe m'bokosi. Wosema alipidwe, alipidwe bwino. Pali malo ngati Katundu pachilumba cha Likoma omwe amapanga nyale ndi zokongoletsa zogulidwa ndi mahotela, anthu n'kumapeza ntchito, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Koma ku Mkaika kapena pamsonkhano wa chipani, chilombo chimabwera ndi ng'oma zake, ndi amayi oyimbira, ndi fumbi, ndipo chikatha chimabwerera kwawo. Chimalankhula chokha. Pakhoma paja anachichotsa zonsezo n'kusiya mtundu wofiira woti ugwirizane ndi mapilo. Ndinayang'ana, anzanga: mapilo awiri aang'ono anali ofiira ndendende ngati nkhopeyo.

Chomwe chimandivuta n'choti njira ina ilipo, ndipo anaionetsa ndi a mpingo womwewo umene unkalimbana ndi nyau. Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Canada, anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo mu Chamare Museum muli nkhope za gule mazanamazana. Pali anthu amene amatsutsa zoti zinthu zimenezi zionetsedwe poyera n'komwe, ndipo mkangano umenewo ndi wa eni ake. Koma ku Mua nkhope ili ndi dzina, ili ndi nkhani yake ndi phunziro lake, ndipo ukatuluka umakhala wadziwa kuti unali pamaso pa anthu oganiza. Hotela si nyumba yosungira zakale, ndikuvomera. Koma hotela yomwe ingakwanitse kulemba ndime yathunthu yofotokoza dera la ku South Africa komwe vinyo wake anachokera, singalephere mizere itatu ya Simoni.

Kabuku kaja kanali ndi masamba angapo, ndipo mawu a Chichewa analimo awiri: Takulandirani pachikuto, Zikomo kumapeto. Apa m'pamene wowerenga wa mlembiyu akuonekera poyera, ndipo si iwe kapena ine. Chodabwitsa n'choti pa chakudya cha m'mawa matebulo ambiri ankalankhula Chichewa. Anthu a mawekishopu ngati ine, banja lina lomwe linkaoneka kuti langochita ukwati, atsikana awiri akujambulana pafupi ndi dziwe losambira. Amalawi tikulowa m'zipinda zimenezi, kaya ndi ndalama zathu kaya za mabungwe, ndipo tikulandiridwa ngati alendo ochokera ku Oslo, kutionetsa lichero ngati chinthu chachilendo. Choopsa n'choti tikuzolowera. Onani nthano zomwe timalemba pa Facebook: mtsikana akangolowa mu suite ndi bwana wake, wolemba amatiuza za shampeni ndi bedi lalikulu, mawu omwewo a pa zotsatsa malonda, ngati kuti m'chipindamo mulibe khoma, mulibe wokonza, mulibe chilichonse chomwe Mmalawi angachione mosiyana ndi mzungu. Sindinawerengepo nthano yomwe mtsikanayo akweza maso n'kuzindikira chomwe chapachikidwa pamwamba pake. Imeneyo ndingaiwerenge mpaka kumapeto, ngakhale bandulo itandithera.

Tsiku lochoka ndinafunsa mnyamata wa pa resepishoni ngati akudziwa amene anasema nkhope ija. Anati zokongoletsa zonse zinabwera ndi kampani ina hotela isanatsegulidwe, iye asanayambe ntchito. Kenako anandipatsa kakhadi kofunsa maganizo a alendo: ukhondo, chakudya, Wi-Fi, ulemu wa ogwira ntchito. Zonsezo ndinapereka nyenyezi zisanu, ndipo zinayenera. Pa mzere wa ndemanga zina ndinalemba m'Chichewa kuti wa pamwamba pa bedi uja dzina lake ndi Simoni, ndipo afunse mayi okonza m'chipindamo ngati akufuna kuti akhalebe pamenepo. Mnyamatayo anawerenga, n'kundiyang'ana, n'kuseka chamumtima. Anati kwawo ndi ku Dowa.